Mfuti zoseweretsa za siponji: yogula m'sitolo kapena yodzipangira ndi makina a 3D?

Akonzi,

Ndiloleni malo m'nyuzipepala yathu kuti ndiyankhulepo pa nkhani ya mfuti zoseweretsa zoponya zipolopolo za siponji, zimene ambiri amangozitchula kuti Nerf potengera mtundu umene udatchuka kwambiri. Kuno ku Britain kumene ndimakhala, komanso ku America, ku Australia ndi ku Singapore, anthu okonda masewerawa akhala akutsutsana kwa zaka zingapo tsopano. Ena amati mfuti zogula m'sitolo nzokwanira, pamene ena amati zabwino ndi zimene anthu wamba amajambula okha mapulani ake n'kuwagawa pa intaneti, kuti aliyense amene ali ndi makina a 3D, oumba zinthu za pulasitiki motsatira chojambula cha pa kompyuta (ntchito imene amaitcha kusindikiza), adzipangire kunyumba kwake. Wina angaone ngati iyi ndi nkhani ya anthu okhuta, yosayenera kudya malo m'nyuzipepala, koma zoseweretsazi zimafika m'manja mwa ana athu, kaya kudzera m'masitolo a m'tauni kapena m'zikwama za achibale obwera kudzacheza kumudzi, ndipo kholo limene silidziwa kusiyana kwa mitundu iwiriyi likhoza kupatsa mwana wa zaka 7 chinthu chimene chidapangidwira munthu wamkulu.

Mbali yanga ndiinene poyambirira pomwe. Ine ndili kumbali ya mfuti zopangidwa ndi anthu wamba, ngakhale kuti chifukwa changa nchosiyana ndi chimene achinyamata ambiri amapereka, choti zimaponya kutali ndiponso mwamphamvu. Ndimazikonda chifukwa mwini wake amatha kuzitsegula, kuona mmene zimagwirira ntchito, kuzikonza zikathyoka ndi kuzisintha zikapanda kumukomera, pamene zambiri za m'sitolo zikawonongeka zimangoyenera kudzala. Komabe mphamvu imene achinyamata amaitamandayo ndi yomwe ikundichititsa kunena motsindika kuti mfuti zodzipangirazi si zidole za ana aang'ono, ndipo amene amazitenga ngati zidole akuika pachiswe maso a anzake.

Dzina la Nerf lidayambira pa mpira. Kampani ya ku America ya Parker Brothers idatulutsa kampira ka siponji cha m'ma 1970, kamene mwana akanatha kukaponya m'nyumba osaswa kanthu, ndipo dzinalo lidadzagwera m'manja mwa kampani ya Hasbro mu 1991. Mu 1992 mudatuluka Sharpshooter, mfuti yoyamba ya dzinali yoponya zipolopolo za siponji, ndipo mu 2012 mudabwera mtundu wa Elite, umene chipolopolo chake chidasanduka muyeso wa makampani ena ambiri: chotalika pafupifupi masentimita 7, cholemera pafupifupi galamu imodzi, chokhala ndi mutu wa mphira wofewa. Mkati mwa mfuti zambiri zotere mulibe zodabwitsa. Muli sipuling'i, pisitoni yoyenda m'kapaipi, kambedza kogwira pisitoniyo ndi chokhethemulira. Munthu akakoka chogwirira, sipuling'i imapanikizika ndipo kambedza kamaigwira. Akakhethemula, pisitoni imathamangira kutsogolo n'kukankha mpweya monga imachitira pampu ya njinga, ndipo mpweyawo ndi umene umatulutsa chipolopolo. Mtundu wina umayendera mabatire: timamota tiwiri timazunguliza timawilo tiwiri toyang'anana, ndipo chipolopolo chikalowa pakati pa timawiloto chimaponyedwa kunja.

Mfuti wamba ya m'sitolo imatulutsa chipolopolo pa liwiro la pafupifupi mafiti 70 pa sekondi, amene ndi mamita 21 kapena kuposerapo pang'ono. Anthu okonda masewerawa amaiderera chifukwa cha kuchepa mphamvuku, koma pamenepa sindigwirizana nawo ngakhale pang'ono. Akatswiri a makampaniwa sadalephere kupanga mfuti yamphamvu. Adaifooketsa dala, chifukwa chinthu chogulitsidwa ngati chidole cha mwana wosakwana zaka 14 chiyenera kutsatira miyeso ya chitetezo, monga EN 71 ya ku Ulaya ndi ASTM F963 ya ku America, imene imaika malire pa mphamvu ya chinthu choponyedwa ndi chidole komanso pa kufewa ndi kukula kwa mutu wake. Mfuti yotereyi imayesedwa isanafike pa shelefu, ili ndi dzina la kampani imene ingayankhe mlandu zinthu zikalakwika, ndipo pabokosi pake pamalembedwa zaka za mwana woyenera kuigwiritsa ntchito. Izi ndi zinthu zamtengo wapatali zimene mfuti yodzipangira ilibe, ndipo munthu woona mtima ayenera kuvomereza.

Pamene ndimasiyana ndi makampaniwa ndi pa khalidwe lawo lotsekera wogula kunja kwa chinthu chimene wagula ndi ndalama zake. Mfuti zakale za m'sitolo zinkamangidwa ndi masikulu, ndipo munthu wokhala ndi sikuludiraiva ankatha kuzitsegula, kupaka girizi pa pisitoni, kusintha kamphira kakatha, n'kuzitsekanso. Mu 2020 Hasbro idatulutsa mtundu wa Elite 2.0, ndipo anthu okonda masewerawa adadandaula kwambiri atapeza kuti zambiri mwa mfutizo zidalumikizidwa ndi timano ta pulasitiki ndi zomatira, moti kuzitsegula osazithyola nkovuta, komanso kuti m'malo ena mmene munkakhala tisipuling'i tachitsulo mudaikidwa tapulasitiki. Chaka chimodzi m'mbuyo mwake, mu 2019, idatulutsa Ultra One, imene idapangidwa kuti izikana kuponya chipolopolo chilichonse chosakhala cha mtundu wa Ultra, chomwe chinali chodula kuposa zipolopolo zakale zimene mabanja anali nazo kale m'nyumba. Kampani inganene kuti zonsezi nzoteteza mwana ku zipolopolo zachinyengo ndi ku manja a anthu okonda kuwonjezera mphamvu, ndipo mwina mbali ina nzoona. Koma zotsatira zake kwa kholo nzakuti kachidutswa ka pulasitiki kosakwana ngakhale galamu imodzi kakathyoka mkati, chidole chonse chimene chidadya ndalama zambiri chimasanduka zinyalala. Kwathu, kumene wailesi, foni, njinga ndi nsapato zimapita kwa mmisiri kangapo zisanatayidwe, chinthu chopangidwa kuti chisatsegulidwe ndi chipongwe kwa wogula ndi kwa mmisiri yemwe.

Anthu wamba sadayambe kudzipangira mfutizi chifukwa cha makina a 3D. Kalekale makinawa asanafalikire, achinyamata ku America ankadula mapaipi a pulasitiki a madzi, kugula masipuling'i m'masitolo a zitsulo, ndi kudula zipolopolo kuchokera ku siponji yaitali ngati chingwe imene amisiri omanga nyumba amatsekera mipata. Masewera a m'magulu adakulanso, makamaka kuyambira mu 2005 pamene ophunzira a pa Goucher College ku Maryland adayambitsa masewera othamangitsana otchedwa Humans vs. Zombies, amene adafalikira m'masukulu a ukachenjede ambiri. Vuto linali lakuti kupanga mfuti yabwino pa nthawiyo kunkafuna macheka, madirilo, luso la manja ndi kuleza mtima, choncho anali ochepa amene ankakwanitsa.

Chimene chidasintha zinthu ndi kutsika mtengo kwa makina a 3D. Mu 2005 Adrian Bowyer wa pa University of Bath kuno ku Britain adayambitsa ntchito ya RepRap, yofuna kupanga makina otsika mtengo amene mapulani ake aliyense angawatenge kwaulere, ndipo mu 2009 ufulu umene lamulo lidapatsa kampani ya Stratasys woletsa ena kugwiritsa ntchito njira yaikulu yosindikizira udatha, zimene zidatsegulira khomo makampani ang'onoang'ono. Pofika mu 2018 makina ngati Ender 3 a kampani ya Creality ya ku China ankagulitsidwa pa mtengo wa pafupifupi madola 200. Makinawa amatenga pulasitiki wopangidwa ngati ulusi wokulungidwa pa mpukutu, kumusungunula pa kamlomo kotentha, n'kumuyala mzeremzere kuchokera pansi kukwera m'mwamba mpaka chinthu chimene chajambulidwa pa kompyuta chitaumbika. Mu 2017 mmisiri wina wa ku America wodziwika ndi dzina loti Captain Slug adatulutsa mfuti ya Caliburn n'kugawa mafayilo a mapulani ake kwaulere, ndipo ambiri amaiona ngati imene idasonyeza kuti mfuti yosindikizidwa kunyumba ingapose ya m'sitolo. Pambuyo pake padabwera zina zambiri, monga Talon Claw ya mmisiri yemweyo, Lynx ya Orion Blasters imene kabokosi ka zipolopolo kamakhala kumbuyo kwa chogwirira, ndi Gryphon yoyendera mabatire.

Ndi bwino owerenga adziwe kuti makina sasindikiza mfuti yonse. Amasindikiza thupi lake, chogwirira, chokhethemulira ndi tizigawo tina, koma sipuling'i, paipi ya aluminiyamu yodutsamo chipolopolo, timphira totseka mpweya, mabawuti ndi masikulu zimagulidwa padera, ndipo mwini wake amakhala pansi n'kulumikiza zonsezi ndi manja ake. Apa ndi pamene pagona ubwino umene ndikunena. Mnyamata kapena mtsikana amene walumikiza yekha mfuti yotere amadziwa ntchito ya kachigawo kalikonse. Ikayamba kuponya pafupi, sanena kuti yawonongeka n'kuiponya pakona. Amaganiza kuti mwina mpweya ukutuluka pa kamphira, kapena sipuling'i yatopa, kapena paipi yada mkati, ndipo amatsegula kuti aone. Kambedza kakathyoka amatenga fayilo ya kambedza kokhako, amakasindikiza m'kanthawi kochepa, n'kubwezeretsa. Amaphunzira kuyeza ndi mamilimita, amaphunzira chifukwa chake paipi yothina kwambiri imagwira chipolopolo pamene yotakasuka kwambiri imataya mpweya, amaphunzira kuti chigawo chosindikizidwa chimathyoka msanga motsatira mizere yake ndipo chiyenera kugonekedwa bwino pa makina kuti chilimbe. Izi ndi nzeru zomwezo zimene amafuna munthu wokonza pampu ya mjigo, makina a chigayo kapena zipangizo za kuchipatala, ndipo wachinyamata amazilandira mosakakamizidwa chifukwa akufuna kupambana pa masewera Loweruka likubwerali.

Pali ubwino wina umene suoneka msanga, wokhudza mmene cholakwika chimakonzedwera. Kampani yaikulu imapanga zidole zake pothira pulasitiki wosungunuka m'zikombole zachitsulo, ndipo chikombole chimodzi chimadya ndalama zambiri, choncho kachigawo kakapezeka kuti nkofooka, kampani imapitiriza kugulitsa zimene yapanga kale ndipo kusintha kumadikira mtundu wotsatira. Mapulani a anthu wamba sali choncho. Munthu wa ku Singapore akapeza kuti chogwirira chimang'ambika pakona ina, amakonza chojambulacho pa kompyuta, n'kuchibweza pa malo ogawanirana mapulani ngati Thingiverse, Printables kapena GitHub, ndipo mawa lake munthu wa ku Manchester amasindikiza chokonzedwa kale. Wamanzere amatembenuza mapulani kuti amuyenere, wa manja aang'ono amachepetsa chogwirira, ndipo amene dzanja lake lili ndi ulumali amajambula chokokera chimene angachikwanitse. Sitolo singasunge mitundu yonseyi pa shelefu, chifukwa imagulitsa chimene chingayenere anthu ambiri nthawi imodzi.

Makampani nawonso adaona zimenezi ndipo adatengerapo phunziro. Anthu wamba ndi amene adazindikira kale kuti chipolopolo chachifupi, chotalika pafupifupi theka la cha Elite, chimauluka molunjika kuposa chachitali chikaponyedwa mwamphamvu. Mu 2019 kampani ya Dart Zone idayamba kugulitsa mfuti zamphamvu zoponya zipolopolo zazifupizi, mu 2020 masitolo a Walmart ku America adayamba kugulitsa Nexus Pro pa madola pafupifupi 50, yoponya pa liwiro la mafiti 150 pa sekondi, ndipo mu 2023 Hasbro yomwe idatulutsa Nerf Pro Stryfe X ya zipolopolo zazifupi. Kwa ine uwu ndi umboni wakuti nzeru zidachokera pansi kukwera m'mwamba. Komanso ndi chenjezo kwa makolo, chifukwa tsopano kungoti chinthu chagulidwa m'sitolo sikutanthauza kuti ndi cha mwana wamng'ono. Mfuti zamphamvuzi zimalembedwa kuti ndi za anthu a zaka 14 kupita m'tsogolo, ndipo zikhoza kuikidwa pafupi ndi za ana a zaka 8, za mitundu yowala mofanana.

Nkhani ya maso ndi imene imandidetsa nkhawa kuposa zonse, ndipo ndikupempha owerenga aimvetse bwino. Mphamvu ya chinthu chouluka sikwera mofanana ndi liwiro lake. Liwiro likawirikiza kawiri, mphamvu imawirikiza kanayi, ndipo likawirikiza katatu, mphamvu imawirikiza ka 9. Mfuti zodzipangira ngati Caliburn zimatha kufika mafiti 200 pa sekondi kapena kuposa, malinga ndi sipuling'i imene yaikidwamo, kutanthauza kuti chipolopolo chake chimamenya ndi mphamvu yoposa ya chidole cha m'sitolo pafupifupi ka 8 kapena ka 9. Pa mkono kapena pamsana chimangopweteka n'kusiya kachizindikiro, koma diso silingapirire zimenezo. Ngakhale mfuti zofooka za m'sitolo zidavulazapo anthu. Mu 2017 madokotala a pa chipatala cha maso cha Moorfields ku London adalemba za odwala atatu, mmodzi mwa iwo mwana wa zaka 11, amene adatuluka magazi mkati mwa diso atawomberedwa ndi mfuti zoseweretsa zotere, ndipo adachenjezanso kuti zipolopolo zotchipa zopanda dzina la kampani zimatha kukhala ndi mitu yolimba kuposa zenizeni. Chenjezo lachiwirili likutikhudza kwambiri, chifukwa zipolopolo zimasowa msanga, ndipo kholo lofuna kupulumutsa ndalama limathamangira paketi yotsika mtengo osafinya n'komwe mutu wa chipolopolo kuti limve ngati uli wofewa.

Magulu oyendetsa masewerawa moyenera amazidziwa zimenezi, ndipo malamulo awo ndi amene amandichititsa kuwakhulupirira. Munthu salowa m'bwalo wopanda magalasi oteteza maso, ndipo magalasi ake ndi olimba ngati ovala amisiri pogwira ntchito, osati a dzuwa. Mfuti iliyonse imayesedwa pa kachipangizo koyezera liwiro masewera asanayambe, ndipo yopitirira malire a tsikulo imabwezedwa kapena mwini wake amaikamo sipuling'i yofooka. Pamasewera amene pali ana malire amakhala otsika, pamene pa mpikisano wa akuluakulu amakwera. Zipolopolo za mitu yolimba zimakanidwa. Choncho mfuti yodzipangira, imene ilibe kampani yoiyesa, imayesedwa ndi gulu. Ngozi imabwera pamene mfutiyo yachoka pakati pa gulu lodziwa malamulo n'kukafika pabwalo la nyumba pamene palibe magalasi, palibe choyezera, ndipo pali kamwana ka zaka 4 kothamanga pakati pa osewera. Wachibale amene akubweretsa mfuti yotere ngati mphatso osabweretsa magalasi ndi malangizo, wabweretsa theka la mphatso, ndipo theka limene wasiyalo ndi lofunika kwambiri.

Chinthu china chimene ufulu wodzipangira umabweretsa ndi nkhani ya maonekedwe. Kampani imakakamizidwa kupanga zidole zake za mitundu yowala, koma munthu wokhala ndi makina kunyumba akhoza kugula pulasitiki wakuda n'kupanga chinthu chimene patali chimaoneka ngati mfuti yeniyeni. Ku America lamulo la mu 1988 limafuna kuti mfuti zoseweretsa zofanana ndi zenizeni zikhale ndi chizindikiro cha mtundu wa lalanje kukamwa kwake, ndipo kuno ku Britain lamulo la mu 2006 limaletsa kupanga, kuitanitsa kunja kapena kugulitsa chinthu chofanana kwambiri ndi mfuti yeniyeni, kupatula pa zifukwa zochepa zimene lamulolo limatchula. Malamulowa sadabwere popanda chifukwa. Mu 2014 ku Cleveland wapolisi adawombera ndi kupha mnyamata wa zaka 12 amene adanyamula mfuti yoseweretsa imene chizindikiro chake cha lalanje chidachotsedwa. Sinali ya siponji, koma phunziro lake likukhudza zoseweretsa zonse. Amisiri ambiri ogawa mapulani amalangiza kuti kukamwa kwa mfuti kukhale kwa lalanje ndipo thupi lake likhale la mtundu wowala, ndipo ine ndinganene kuti amene akusindikiza yakuda yokhayokha sayenera kuloledwa pa masewera alionse. Kwathu, kumene munthu woganiziridwa kuti ndi wakuba amatha kukumana ndi ukali wa khamu asanapatsidwe mpata wofotokoza, wachinyamata woyenda madzulo ndi chinthu chakuda chooneka ngati mfuti akuika moyo wake pangozi yeniyeni.

Ena akamva za mfuti zosindikizidwa ndi makina a 3D amakumbukira za mu 2013, pamene gulu lina ku Texas lidatulutsa mapulani a mfuti yeniyeni yosindikizidwa, ndipo amaganiza kuti zonse ndi chimodzimodzi. Nkhawa yawo ndiyomveka, koma zinthu ziwirizi nzosiyana pa kapangidwe kake. Mfuti ya siponji ilibe onga, ilibe malo opsereza chipolopolo, ndipo imakankha kasiponji ndi mpweya wochepa wopanikizidwa ndi sipuling'i. Palinso makolo amene safuna mfuti yoseweretsa ya mtundu uliwonse m'nyumba mwawo, chifukwa cha chikhulupiriro kapena chifukwa cha zimene adaziona pa moyo wawo, ndipo amenewa ndimawalemekeza. Sindikulemba kalatayi kuti ndiwasinthe maganizo.

Ndisabisenso kuti mfuti zodzipangira si zotchipa monga ena amanenera. Mapulani angakhale aulere, koma makina amafuna ndalama, mfuti yaikulu imadya gawo lalikulu la mpukutu wa kilogalamu imodzi, ndipo zitsulo zake nthawi zambiri zimaitanitsidwa kunja, zimene kwa munthu wa kwathu zikutanthauza kusaka ndalama zakunja, kulipira mtengo wotumizira ndi msonkho. Kusindikiza zigawo zonse kumatenga maola ambiri, nthawi zina kupitirira tsiku lathunthu, ndipo magetsi akazima chigawo chili pakati, kawirikawiri chimawonongeka n'kuyambiranso. Pulasitiki wofala kwambiri, wotchedwa PLA, amayamba kufewa kutentha kukafika pafupifupi madigiri 60, choncho mfuti yosiyidwa m'galimoto yotsekedwa padzuwa la Okutobala ikhoza kupindika osagwiranso ntchito; wa mtundu wa PETG amapirirako kutentha koma ndi wovutirapo kusindikiza. Munthu wongofuna kuti ana ake asangalale masana amodzi akawerengera zonsezi adzapeza kuti ya m'sitolo imamupulumutsa ndalama ndi nthawi, ndipo sakulakwitsa. Phindu la yodzipangira limaoneka pakapita zaka, pamene mfuti imodzi yakonzedwa kangapo n'kumagwirabe ntchito, kapena pamene makina amodzi akutumikira gulu lonse.

Pali nkhani ya chilungamo imene ndikufuna achinyamata athu aimve asanayambe. Amisiri amene amajambula mapulaniwa amathera miyezi yambiri akuyesa ndi kukonza, ndipo aliyense amanena mmene akufunira kuti ntchito yake igwiritsidwire ntchito. Ena amalola chilichonse, ena amalola kudzipangira koma amaletsa kugulitsa popanda chilolezo chawo, ndipo ena amagulitsa mafayilo awo pa mtengo wochepa. Kutenga mapulani a munthu, kufufuta dzina lake n'kumagulitsa ngati nzeru zako ndi kuba, ngakhale mwini wakeyo ali kutsidya kwa nyanja ndipo sadzadziwa. Chikhalidwe chonse chogawana chimenechi chaima pa kukhulupirirana, ndipo amene wasintha kanthu n'kukakometsa ayenera kubwezera kusinthako kwa anzake monga iye adalandirira.

Kholo la mwana wosakwana zaka 14 ligule mfuti wamba ya m'sitolo, liwerenge zaka zolembedwa pabokosi, lisankhe yomangidwa ndi masikulu ngati ilipo, lifinye mitu ya zipolopolo lisanagule paketi yowonjezera, ndipo ligulenso magalasi ngakhale mfutiyo ndi yofooka. Ogulitsa nawo asamachotse zoseweretsazi m'mabokosi ake n'kumazipachika zopanda chizindikiro chilichonse, chifukwa akatero amachotsa chenjezo lokhalo limene kholo likanawerenga. Koma kwa achinyamata okulirapo, makamaka amene ali m'masukulu a ntchito zamanja ndi a ukachenjede, ndikulimbikitsa njira yodzipangira. Makina a 3D adafika kale kwathu, ndipo ku sukulu ya ukachenjede ya MUBAS ku Blantyre ophunzira a zauinjiniya amawagwiritsa ntchito. Mphunzitsi amene ali ndi makina otere akhoza kutenga mapulani aulere a mfuti yaing'ono, kupatsa gulu lililonse la ophunzira chigawo chake, kuwauza kuti ayeze zitsulo zopezeka m'masitolo a m'dera lawo n'kusintha mapulaniwo kuti agwirizane nazo m'malo moitanitsa zonse kunja. Ayambe ndi sipuling'i yofooka ndi pulasitiki wa mtundu wowala, asalole aliyense kukhethemula wopanda magalasi, ndipo akamaliza masewera ophunzirawo atole zipolopolo zonse pabwalo, chifukwa siponjiyo siwola ndipo mbuzi ndi nkhuku zikhoza kuimeza.

Ndine wowerenga wanu,
Kholo, Leicester, Britain